Kodi mawu a Chingerezi akuti "patent" ndi amodzi, kapena ndi mawu angapo olembedwa mofanana?

Mlembi wa ku Kapata

Akuluakulu nonse, landirani moni wanga. Ine ndimagwira ntchito yotaipa makalata ndi kuthandiza anthu kudzaza mafomu pafupi ndi msika wa Kapata kuno ku Chipata, ndipo chifukwa cha ntchito imeneyi mapepala a mitundu yambiri amadutsa m'manja mwanga. Pali mawu ena a Chingerezi amene ndimakumana nawo m'malo osiyana kwambiri, moti sindikuona chimene chimalumikiza malo onsewo, ndiwo mawu akuti "patent".

Amalonda ambiri amene amabwera kudzafuna thandizo polembetsa mabizinesi awo ku PACRA, bungwe la boma lolembetsa makampani, amanena kuti akufuna "kupanga patent" dzina la shopu yawo, ndipo popeza chilembo choyamba cha dzina la bungweli chikuimira mawu omwewa, iwo amakhulupirira kuti chikalata chimene amalandira kumeneko chimatchedwa choncho. Koma mawuwa ndawaonanso pa pepala la zotsatira za kuchipatala limene mayi ena anabweretsa kuti ndiwajambulire, pamene panalembedwa kuti "both tubes are patent". Mayiwo anandifunsa ngati nkhaniyo inali yabwino kapena yoipa, ndipo ine ndinawapempha kuti abwerere kwa adokotala amene anawayeza, pakuti kumasulira zachipatala si ntchito yanga. M'mapangano ogulitsana nyumba kapena galimoto muli chiganizo chonena za "patent defects", pomwe ogulitsa nsapato za salaula amatchula nsapato zonyezimira zija kuti "patent leather".

Funso langa ndi lakuti, kodi amenewa ndi mawu amodzi, kapena ndi mawu angapo amene anangofanana kalembedwe? Nanga katchulidwe koyenera ndi kati, popeza ena amayamba ndi "pa" pomwe ena amayamba ndi "pei"? Ndili ndi chifukwa chinanso chofunsira. Mphwanga, amene amawotcherera zitsulo, wapanga makina oswera nshawa oyendetsedwa ndi mapazi ngati njinga, ndipo anzake akumulimbikitsa kuti awatengere patent anthu ena asanawakopere. Ndisanamulangize chilichonse ndikufuna kumvetsa bwino chimene mawuwa akunena.

Mphunzitsi wopuma wa ku Katete

Mwafunsa bwino mwanawanga, ndipo yankho lalifupi ndi lakuti mawuwa ndi amodzi, ochokera ku muzu umodzi. Muzuwo ndi mneni wa Chilatini "patere", kutanthauza kukhala chotseguka, chosatsekedwa, choonekera kwa aliyense. Mukagwiritsa tanthauzo limeneli, mapepala onse amene mwatchulawo ayamba kumveka, ngakhale kuti lililonse linafika pa tanthauzo lake podzera njira yakeyake.

Kale mafumu a ku England ankalemba makalata a mitundu iwiri. Ena anali opindidwa ndi kumatidwa ndi phula, kotero kuti sakanawerengedwa popanda kuswa chidindo, ndipo amenewo ankapita kwa munthu mmodzi pa nkhani yake yekha. Ena ankasiyidwa osamata, chidindo cha mfumu chikulendewera m'munsi mwake, kuti aliyense wowaona awerenge nadziwe chimene mfumu yalamula. Makalata achiwiriwa ndiwo ankatchedwa "litterae patentes" m'Chilatini, ndipo m'Chingerezi anakhala "letters patent", mfotokozi akubwera pambuyo pa dzina motsatira Chifalansa chimene chinkagwiritsidwa ntchito m'mabwalo a milandu a nthawi imeneyo. Kusiyana kwake kuli ngati kwa mawu amene mfumu ya mudzi imanong'oneza nduna yake ndi mawu amene imalengeza pabwalo anthu onse atasonkhana. Ndi makalata otseguka otere mfumu inkapereka malo, maudindo, mayina aulemu ndi ufulu wochita malonda. Chikalata chimene Mfumukazi Victoria anapereka mu 1889 ku kampani ya Cecil Rhodes ya British South Africa Company chinali cha mtundu womwewu, ndipo ndi mphamvu ya chikalata chimenecho imene inafika mpaka kuno pamene Angoni a Mpezeni anagonjetsedwa mu 1898, Fort Jameson, amene lero ndi Chipata, nakhala likulu la North-Eastern Rhodesia. Chimandiwawa ndi chakuti kalata imene inkatchedwa yotseguka kwa onse inagamula za dziko la anthu amene sanafunsidwe n'komwe.

Pakati pa zinthu zimene mafumu ankapereka ndi makalatawa panali ufulu wakuti munthu mmodzi yekha ndiye apange kapena kugulitsa chinthu china kwa zaka zoikika. Mu 1449 Mfumu Henry VI inapatsa John of Utynam ufulu wotere wa zaka 20 pa luso lake lopanga magalasi amitundumitundu a m'mawindo. Mzinda wa Venice unakhazikitsa lamulo mu 1474 loteteza kwa zaka 10 aliyense wopanga chida chatsopano. Ku England mwambowu unafika poipa pamene mafumu anayamba kupatsa okondedwa awo ufulu wogulitsa okha zinthu wamba monga mchere, mitengo ya zinthu nikwera, mpaka nyumba ya malamulo inaletsa mchitidwewu mu 1624 ndi kusiya mwayi kwa okhawo amene atulukira chinthu chatsopano, kwa zaka zosapitirira 14. M'kupita kwa nthawi anthu anasiya kutchula mawu akuti "letters", ndipo mfotokozi uja anasanduka dzina loima palokha. Pambuyo pake anakhalanso mneni, kotero kuti lero Mngerezi amatha kunena "to patent a machine".

Tanthauzo lakale la kuonekera poyera silinafe. Munthu akanena kuti "a patent lie" akutanthauza bodza lamkunkhuniza limene ngakhale mwana angathe kuliona, ndipo muonjezi wake "patently" amapezeka kawirikawiri pamodzi ndi mawu otsutsa, monga "patently false" kapena "patently unfair". Ophunzira anga ndinkawachenjeza kuti mawuwa ndi olemera, a m'makalata a boma, m'manyuzipepala ndi m'makhoti, ndiponso kuti sagwiritsidwa ntchito kwenikweni poyamikira. Wofuna kungonena kuti chinthu chikuonekeratu ali ndi mawu opepuka monga "clear" ndi "obvious".

Za nsapato ndingodutsapo mwachangu. Chikopa chonyezimira chija chinatenga dzinali chifukwa njira zoyamba zochipakira mankhwala onyezimiritsa zinali zotetezedwa ndi patent, ndipo dzinalo linakhalirira ngakhale kuti nsapato zambiri za masiku ano zimakutidwa ndi pulasitiki.

Katchulidwe konse kuwiri n'kololedwa. Anthu a ku Britain ambiri amati "peitenti" pa matanthauzo onse, ngakhale kuti akatswiri awo a malamulo a zotulukira amakonda "patenti". A ku America amati "patenti" ponena za chikalata, koma ambiri a iwo amati "peitenti" ponena za chinthu chotseguka kapena choonekeratu. Chofunika kusamala nacho kwambiri ndi kusasokoneza mawuwa ndi "patient", amene amatchulidwa kuti "peshenti" ndipo amatanthauza wodwala kapena munthu woleza mtima. Kusiyana kwake ndi chilembo chimodzi, koma mizu yake ndi yosiyana, ndipo inu amene mumataipa mapepala a anthu muyenera kuyang'anitsitsa chifukwa kompyuta siidzakuuzani kuti mwalakwitsa, popeza onse awiri ndi mawu enieni a Chingerezi.

Namwino wa ku Petauke

Zikomo aphunzitsi chifukwa cha kulongosola kwanu. Ine ndiyankhe mbali ya kuchipatala, kumene mawuwa timawalemba tsiku ndi tsiku m'tanthauzo lake loyambirira lija, lakuti njira ina ya m'thupi ndi yotseguka ndipo chimene chiyenera kudutsamo chikudutsa.

Achimwene a ku Kapata, munachita bwino kuwabweza mayi aja kwa adokotala, pakuti pepala limodzi silinena nkhani yonse ya munthu. Komabe tanthauzo la chiganizocho lingathe kufotokozedwa. Pamene banja lakhala nthawi yaitali osaona mphatso ya mwana, chimodzi mwa zimene amayeza ndi machubu awiri amene dzira limadutsamo kuchokera m'thumba la mazira kupita m'chiberekero. Amalowetsa madzi apadera ooneka pa X-ray kudzera pa khomo la chiberekero, ndipo akaona kuti madziwo adutsa m'machubu onse awiri mpaka kutulukira kumapeto kwake, amalemba kuti "both tubes are patent", kutanthauza kuti machubuwo sanatsekeke. Pa mbali imeneyo nkhaniyo ndi yabwino. Sizitanthauza kuti vuto lonse latha, chifukwa kusabereka kuli ndi zifukwa zina zambiri, ndipo zina mwa izo zili kwa abambo. Ndikunena zimenezi mochokera pansi pa mtima, chifukwa m'midzi mwathu mayi ndiye amanyozedwa ndi apongozi ake, pomwe mwamuna sanapiteko n'komwe kukayezedwa.

Munthu akafika atavulala pa ngozi ya pamsewu, chinthu choyamba chimene timaona, tisanayang'ane mabala, ndi njira ya mpweya. Tikalemba kuti "airway patent" ndiye kuti palibe magazi, masanzi kapena lilime lobwerera m'mbuyo limene latseka kukhosi. Kachubu ka dripi kamene kali pamkono timakayesanso ngati kali "patent", ndiko kuti ngati madzi akulowa bwino m'mtsempha. Mwana akangobadwa, azamba amaona ngati njira yake yotulukira chimbudzi ili yotseguka, ndipo amalemba mawu omwewa pa khadi, chifukwa pali ana ena amene amabadwa njirayo ili yotsekeka ndipo amafunika opaleshoni mwamsanga.

Koma musaganize kuti paliponse pamene mwaona mawuwa ndiye kuti zinthu zili bwino. Mwana ali m'mimba sapuma ndi mapapo ake, ndipo pali kamtsempha kotchedwa "ductus arteriosus" kamene kamalambalalitsa magazi kuti asadzere m'mapapo. Mwanayo akabadwa n'kuyamba kupuma, kamtsemphako kamayenera kutsekeka kokha m'masiku awiri kapena atatu oyamba. Kakapanda kutsekeka, matendawo amatchedwa "patent ductus arteriosus", ndipo amapezeka kwambiri mwa ana obadwa masiku asanakwane. Mtima umagwira ntchito yopitirira muyeso, mwana amapuma mofulumira, amatopa poyamwa ndipo sanenepa bwino. Ena amathandizidwa ndi mankhwala, ena amafunika kutsekedwa kamtsemphako ndi akatswiri a mtima. Palinso kabowo ka pakati pa zipinda ziwiri zam'mwamba za mtima kamene kamakhalabe kotseguka mwa munthu mmodzi pa anthu anayi alionse, ambiri mwa iwo osadziwa n'komwe chifukwa sikawavutitsa. Choncho mawuwa paokha sanena ubwino kapena kuipa. Funso limakhala lakuti, kodi njira imeneyi inayenera kukhala yotseguka kapena yotsekeka?

Anzathu a mu labotale ali ndi kagwiritsidwe kawo kamene kakugwirizana ndi tanthauzo lina limene aphunzitsi atchula, la kuonekera. Munthu akatenga likodzo posamba kudambo, pamapita masabata angapo mazira a tizilombo asanayambe kuoneka m'mkodzo, ndipo nyengo imeneyo imatchedwa "prepatent period". Mazirawo akayamba kuoneka pa makina oonera tinthu ting'onoting'ono, amati matendawo tsopano ali "patent". Ndi chimodzimodzi ndi malungo, ndipo n'chifukwa chake munthu angathe kuyezedwa lero osapezeka ndi kanthu, koma n'kudzapezeka nawo patapita masiku ochepa.

Mlangizi wa zamalonda wa ku Chipata

Ine ndilankhule za mphwanu uja ndi za amalonda amene amabwera kwa inu, chifukwa kusamvetsa mawuwa kumawonongetsa anthu ndalama ndiponso kumawapatsa chiyembekezo chimene lamulo silinawapatse.

Dzina lonse la PACRA ndi Patents and Companies Registration Agency, ndipo bungweli limagwira ntchito zingapo zosiyana. Munthu amene walembetsa dzina la shopu yake walandira chikalata cha dzina la bizinesi, chimene chimamulola kuchita malonda m'dzina limenelo ndi kumuthandiza potsegula akaunti ku banki kapena polembetsa za misonkho. Imeneyo si patent. Wofuna kuteteza chizindikiro kapena dzina limene amasindikiza pa katundu wake, monga pa botolo la chiponde kapena pa thumba la ufa, amafunika kulembetsa "trade mark", ndipo pempho lake ndi lapadera. Maonekedwe a chinthu, monga kaumbidwe ka mpando, ali ndi lamulo lake. Nyimbo ndi mabuku zimatetezedwa ndi "copyright". Mbewu zatsopano zimene akatswiri amapanga, monga mitundu ya nshawa imene imayesedwa ku Msekera, zili ndi lamulo lake la 2007 loteteza opanga mbewu, loyendetsedwa ndi bungwe loona za mbewu la SCCI. Patent ndi ya chinthu chimene munthu watulukira chothetsa vuto la kagwiridwe ka ntchito, kaya ndi makina, mankhwala, kapena njira yatsopano yopangira chinthu, ndipo kuno kwathu imayendetsedwa ndi lamulo la Patents Act la 2016.

Pali zinthu zitatu zimene amayang'ana. Chinthucho chikhale chatsopano, ndipo kutero sikutanthauza chatsopano ku Chipata kapena m'Zambia mokha, koma chimene sichinalembedwepo, kugulitsidwapo kapena kuonetsedwapo kwina kulikonse padziko. Chikhale ndi luso loti mmisiri wina wodziwa bwino ntchito yomweyo sakanangolifikira mosavuta. Chikhalenso chotheka kupangidwa ndi kugwiritsidwa ntchito. Apa ndiyenera kunena zoona, ngakhale zingakhumudwitse. Makina oswera nshawa a manja ndi a mapazi anapangidwa kale m'mayiko ambiri, kotero kuti makina onse athunthu a mphwanu n'kovuta kuti atchedwe atsopano. Chimene chingakhale chatsopano ndi kambali kena, mwina njira imene wapeza yochepetsera kusweka kwa maso a nshawa, kapena yosinthira mpata wa sefa molingana ndi kukula kwa nshawa za Chalimbana poyerekeza ndi zing'onozing'ono. Lamulo lathu limalolanso chitetezo chaching'ono chotchedwa "utility model", cha nthawi yofupikirapo, chimene chimayenera zosintha zotere.

Tsopano mvetsani chifukwa chimene mawu otanthauza kutseguka anakhalira dzina la chinthu chimene anthu amachiona ngati loko. Patent ndi pangano pakati pa wotulukira ndi anthu onse. Wotulukirayo amaulula chinsinsi chake chonse, ndi zojambula zake, momveka bwino moti mmisiri wina angathe kuchipanga pongowerenga, ndipo zimenezi zimasindikizidwa kuti aliyense aone. Pobwezera, boma limamupatsa mphamvu yoletsa ena kupanga, kugulitsa kapena kuitanitsa chinthucho popanda chilolezo chake kwa zaka 20 kuchokera tsiku limene anapereka pempho. Zakazo zikatha, lusolo limakhala la aliyense. Amene safuna kuulula sangalandire patent, ndipo njira yake ndi kungosunga chinsinsi, monga mmene kampani ya Coca-Cola yachitira ndi kasakanizidwe ka chakumwa chake.

Pali zinanso zimene anzake a mphwanu mwina sanamuuze. Chaka chilichonse pamakhala ndalama zolipira kuti patent ikhalebe ndi moyo. Boma silitumiza apolisi kukagwira okopera, koma mwini wake ndiye amawatengera kukhoti ndi ndalama zake. Ndiponso patent ya Zambia imathera pa malire, kotero kuti mmisiri wa ku Mchinji ku Malawi, kungodutsa pa malire a Mwami, angathe kupanga makina omwewo osalakwira lamulo. Wofuna chitetezo m'mayiko angapo a m'dera lino amadzera ku ARIPO, bungwe la mayiko a mu Africa loona za patent, limene linakhazikitsidwa ndi pangano losainidwa ku Lusaka mu 1976 ndipo likulu lake lili ku Harare. Pempho limodzi lingathe kutchula Zambia, Malawi, Mozambique, Zimbabwe ndi mayiko ena a m'bungwelo. Chenjezo lalikulu ndi lakuti asathamangire kukaonetsa makinawo ku chionetsero cha zaulimi kapena kuika vidiyo yake pa Facebook asanapereke pempho, chifukwa kuonetsa kwake komweko kungathe kuchititsa kuti chinthucho chisawerengedwenso kuti ndi chatsopano. Aphunzitsi amene amatsogolera ana ku mipikisano ya sayansi ndi zopangapanga ya JETS ayeneranso kuidziwa mfundo imeneyi.

Za "patent defects" m'mapangano, amenewa ndi mawu otsutsana ndi "latent defects". Mng'alu wa pakhoma umene aliyense angauone poyendera nyumba ndi chilema choonekera, ndipo wogula amene sanayang'ane sangadzadandaule pambuyo pake kuti anapusitsidwa. Mitengo ya denga yodyedwa ndi chiswe kuseri kwa siling'i ndi chilema chobisika, ndipo mlandu wake umayenda mosiyana, makamaka ngati wogulitsa ankadziwa koma anabisa dala. Ndionjezereponso pa mawu a aphunzitsi kuti "letters patent" sanathe ntchito m'dziko lathu, pakuti loya akamakwezedwa kukhala State Counsel, Pulezidenti amamupatsa ulemuwo ndi chikalata cha dzina limeneli.

Mlembi wa ku Kapata

Ndathokoza kwambiri aphunzitsi, amayi anamwino, ndi inu alangizi. Mfundo yakuti mwini patent amaulula chinsinsi chake m'malo mochibisa ndiyo imene ndikufuna kukafotokozera mphwanga poyamba. Ndifunsenso chimodzi. Ngati chinthu chiyenera kukhala chatsopano, nanga zimatheka bwanji kuti timamva za makampani akunja amene atenga patent pa mitengo ya mankhwala imene makolo ankaidziwa kalekale? Ndipo ngati patent ndi pangano lokomera anthu onse, n'chifukwa chiyani dzina lake limatchulidwa kawirikawiri pa nkhani ya kukwera mtengo kwa mankhwala?

Mkulu wa mpingo wa ku Lundazi

Mwanawanga, funso lanu lachiwirili ndi limene ine ndimafuna kuti lifunsidwe, chifukwa alangizi afotokoza lamulo monga lilili pa pepala, koma ife amene tinkayendera odwala m'makomo kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 tinaona mbali yake ina. Mankhwala otalikitsa moyo wa odwala Edzi, otchedwa ma ARV, anali atapezeka kale, ndipo ku Ulaya ndi ku America anthu anali atayamba kudzuka pa mphasa, koma mtengo wake unali woposa madola 10,000 pa munthu mmodzi pa chaka. Ife kuno tinkangoika maliro. Mtengowo sunali wa kupanga mapiritsi, koma unali wotheka chifukwa eni patent analibe wopikisana nawo. Umboni wake unaoneka mu 2001, pamene kampani ya Cipla ya ku India, dziko limene panthawiyo silinkapereka patent pa mankhwala enieniwo koma pa njira yowapangira yokha, inalengeza kuti ingathe kugulitsa mankhwala atatu ophatikiza pa madola 350 pa chaka, ndiko kuti osakwana dola imodzi pa tsiku.

Chaka chomwecho makampani 39 a mankhwala anasiya mlandu umene anasumira boma la South Africa pa lamulo lake lofuna kutsitsa mitengo, ndipo mu Novembala mayiko a m'bungwe la zamalonda la padziko lonse la WTO, atakumana ku Doha, anavomereza kuti pangano lawo la TRIPS la 1995, lowakakamiza kuteteza patent, lisalepheretse dziko kuteteza umoyo wa anthu ake. Njira imodzi ndi yakuti boma lingathe kulola kampani ina kupanga mankhwala popanda chilolezo cha mwini patent, bola mwiniyo alipidwe kenakake. Zambia inagwiritsa ntchito njira imeneyi mu 2004, nthawi ya Pulezidenti Levy Mwanawasa, pa mankhwala atatu a ma ARV, ndipo mu 2005 mankhwalawa anayamba kuperekedwa ulere m'zipatala za boma. Mayiko osauka kwambiri anapatsidwanso mpata wosakakamizidwa kuteteza patent za mankhwala mpaka 2033.

Sindikunena kuti wotulukira mankhwala asalipidwe, chifukwa kafukufuku amadya ndalama zambiri ndi zaka zambiri. Ndikunena kuti zaka 20 ndi zochepa kwa kampani koma ndi zochuluka kwa mayi wodwala amene ali ndi ana aang'ono. Amene anatulukira insulin ku Canada anagulitsa patent yawo ku University of Toronto mu 1923 pa dola imodzi aliyense, pofuna kuti mankhwalawo afikire odwala onse, ndipo zimenezi zikusonyeza kuti mwini patent ali ndi ufulu wosankha mmene angaigwiritsire ntchito.

Pa funso la mitengo ya makolo, zimachitika chifukwa woyesa pempho amafufuza m'zolembedwa, pomwe nzeru zathu zambiri zili m'mitu ya agogo. Chimene sichinalembedwe iye sachiona, ndipo amachiyesa chatsopano. Amwenye anamenya nkhondo imeneyi n'kupambana. Patent ya ku America yokhudza kuchiritsa mabala ndi turmeric inathetsedwa mu 1997 atasonyeza zolembedwa zakale, ndipo ya ku Ulaya yokhudza mankhwala ochokera ku mtengo wa nimu inathetsedwa mu 2000. Dziko lathu lili ndi lamulo la 2016 loteteza nzeru za makolo, zomera ndi zachikhalidwe, koma lamulo lokha silikwanira ngati mafumu athu ndi asing'anga sadziwa kuti mlendo wodzafunsa za mizu ayenera kuyamba wapempha chilolezo ndi kugwirizana za phindu.

Mlangizi wa zamalonda wa ku Chipata

Atate a ku Lundazi, mwanena zoona ndipo sindikutsutsa chilichonse. Chimene ndingaonjezere ndi chakuti kutseguka kuja kuli ndi phindu limene amisiri athu sanayambe kulitola. Zikalata za patent zokwana mamiliyoni ambiri zili pa intaneti ndipo zimawerengedwa ulere pa Google Patents, pa Espacenet ndi pa Patentscope ya WIPO, bungwe la United Nations loona za patent, zambiri zili ndi zojambula zosonyeza chitsulo chilichonse ndi mmene chimalumikizirana ndi chinzake. Zochuluka mwa izo zinatha kale mphamvu chifukwa zaka 20 zinadutsa kapena eni ake anasiya kulipira, ndipo zina sizinalembetsedwepo kuno ku Zambia kapena ku ARIPO, kotero kuti mmisiri wa kuno ali ndi ufulu wophunzirapo ndi kupanga zogulitsa pa msika wathu.

Mukaona mawu akuti "patent pending" pa katundu, dziwani kuti pempho laperekedwa koma silinavomerezedwe, ndipo lingathe kukanidwa. Ndi chenjezo kwa okopera, si umboni wakuti katunduyo ndi wabwino. Ngakhale patent yovomerezedwa siitsimikiza kuti chinthu ndi cholimba kapena chosavulaza, pakuti ntchito imeneyo ndi ya mabungwe oona za miyezo ndi oona za mankhwala. Mankhwala akale otchedwa "patent medicines", amene ankalengezedwa kuti amachiza nthenda iliyonse, ambiri analibe patent konse, chifukwa eni ake sankafuna kuulula zimene ankasakaniza.

Achimwene a ku Kapata, popeza muli ndi kompyuta pa ntchito panu, khalani pansi ndi mphwanu mulembe mawu akuti "groundnut sheller" ndi "peanut sheller" pa amodzi mwa malo amene ndatchulawa, ndipo muyerekeze zojambula zimene mupeze ndi makina ake, mbali ndi mbali. Mukapeza kuti zonse zinachitika kale, ndalama zimene akanalipira pa pempho azigwiritse ntchito polembetsa chizindikiro cha malonda ake ndi kugula zitsulo zabwino nyengo yokolola isanafike. Mukapeza kambali kamene simukukaona kwina kulikonse, akajambule bwino pa pepala, alembepo tsiku, asakaonetse kwa anthu, ndipo apite nako ku PACRA kukafunsa za kaperekedwe ka pempho.